Kamngelo Kachitatu ka Bambo Anga

Bambo anga anali mmisiri wosema mitengo, ndipo pamudzi pathu, kwa Kalembo, anali mkamwini. Kwawo kunali kwa Mposa, ku Machinga. Anabwera kudzakwatira mayi ali mnyamata, nakhala pamudzipo zaka zoposa makumi atatu, koma mayi atangomwalira zaka zonsezo zinaiwalika. Kwathu mkazi akafa mwamuna amasudzulidwa, n'kunyamula katundu wake kubwerera kumene anachokera. Ine ndinakana. Mwamuna wanga anali ku Joni, ndinali ndi mwana wamng'ono, ndiye ndinalira, ndinalalata, mpaka amalume, alongo awo a mayi amene ndi eni mbumba yathu, anatopa nane. "Akhale," anatero, "koma akhale bwino." Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka mlonda wa bambo anga. Akatsutsana ndi munthu pamaliro, mtima wanga unkagunda. Mbuzi yawo ikalowa m'munda wa eni, ndinkathamanga kukapepesa iwo asanamve n'komwe. Ndinkadziwa kuti kachifukwa kakang'ono kangathe kuwachotsa pamudzi.

Vuto linali lakuti bambo sanali munthu wokhala chete pakona. Ali mnyamata anaphunzira ntchito ku mishoni ku Balaka, kwa mmishonale wina wokalamba wa ku Italiya amene anali kalipentala, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira buku la zithunzi za matchalitchi. Mawu a m'bukumo bambo sankawamva, koma zithunzizo ankazidziwa kuposa mayina a adzukulu a achemwali awo. Ankalisunga m'majumbo awiri kuopa chiswe. Mlendo akangolakwitsa n'kufunsa kuti bukulo n'lachiyani, ndiye kuti tiyi wake azizira.

"Luso limeneli dzina lake ndi baroko," ankatero, chala chili m'mwamba ngati aphunzitsi. "Linayambira ku Roma zaka mazana anayi zapitazo, nthawi imene Mpingo unagawanika. Akuluakulu anati timange nyumba za Mulungu zoti munthu akangolowa mawondo azigwada okha, ngakhale wosadziwa kuwerenga." Kenako ankatsegula masambawo limodzilimodzi. Munali nsanamira zopotoka ngati chingwe cha ng'ombe, mitambo yosemedwa pamwala, golide paliponse, ndi oyera mtima amene zovala zawo zinkauluka ngati panja pali mwera. Ankafotokoza kuti Apwitikizi ndi anzawo analinyamula lusolo m'zombo, kulifikitsa ku Brazil, ku Goa ku India, mpaka pachilumba cha Mozambique, ndipo kulikonse kumene linafika amisiri a kumeneko ankaikamo zawo, zipatso za kwawo ndi nkhope za kwawo. Pachilumbapo bambo anakafikapo okha. Anakwera sitima pa Nkaya, kudutsa pa Nayuchi, mpaka ku Nampula, kenako lole, kungofuna kukaona guwa limodzi ndi maso awo. Mayi sanawakhululukire ulendo umenewo mpaka kufa, chifukwa unachitika nthawi yopalira.

"Chinthu chinawoloka nyanja zonsezo n'kudzaima pachilumba ngati chatha tikiti," ankatero. "Ine ndidzachifikitsa kwa Kalembo."

Tinkawaseka, inenso ndinkaseka nawo. Ndinkaganiza kuti ndi maloto a nkhalamba, ndipo maloto sapweteka munthu.

Kenako tinamanga tchalitchi chathu chaching'ono. Amayi tinatunga madzi mpaka makosi kuuma, abambo anaumba njerwa, ndipo chitatha khoma la kumbuyo kwa guwa linali loyera, lopanda kanthu. Wansembe amene ankabwera kwathu kamodzi pamwezi pa njinga yamoto anali wachinyamata, wophunzira ku Roma komweko. Tsiku lina bambo anamuonetsa buku lija. Ndinawaona awiriwo atagundanitsa mitu pansi pa mtengo wa mango, akuloza ichi ndi icho, ndipo ndinadziwa kuti mtendere wanga watha. Anagwirizana kuti bambo aseme chikhoma cha matabwa choti chiime kumbuyo kwa guwa. Amalume, amene analinso tcheyamani wa tchalitchi, anauzidwa nkhani itatha kale, ndipo zimenezo sanazimeze bwino.

Bambo anagwira ntchitoyo miyezi isanu ndi iwiri m'kachisakasa kawo kuseri kwa nyumba, atatseka chitseko. Ndinawachenjeza kuti kumudzi chitseko chotseka masana chimayambitsa nkhani, koma iwo anati chinthu chikaonedwa chisanathe chimatha mphamvu. Mawu amenewo anawanenanso pamaso pa anthu, ndipo ine ndinangogwira mutu. Yekhayo wololedwa kulowamo anali mwana wanga wamkazi, amene nthawiyo anali ndi zaka ziwiri ndi theka. Ankakhala pamapazi pa agogo ake tsiku lonse, n'kumatuluka ndi zipalapasa za mbawa m'tsitsi. Anali ndi kachipsera pamwamba pa diso lakumanzere, kamene anakapeza atagwera pa mbaula akuphunzira kuyenda, ndipo mudzi wonse unkakadziwa kachipserako.

Lamulungu lotsegulira, chikhomacho chinali chitakutidwa ndi nsalu zitatu zolumikiza. Wansembe anapemphera, amalume anakoka chingwe, nsalu zinagwa.

Sindinama, ndinatsegula pakamwa. Panali nsanamira zinayi zopotoka, zokulungidwa ndi masamba, ndipo m'masambamo bambo anasemamo chimanga, thonje ndi malambe. Pamwamba panali mitambo yotukumuka, ndi mizere ya kuwala yopakidwa penti wa golide, moti dzuwa litalowa pazenera khoma lonse linayaka. Ndipo m'mitambomo munali timitu tisanu ta ana, tonenepa masaya, kamutu kalikonse kali ndi timapiko tiwiri pansi pa chibwano. Panalibe khosi, panalibe manja, panalibe thupi. Mutu ndi mapiko basi.

Kenako mayi wina wa kwaya, amene pakamwa pake sipadziwa kuti pano ndi m'tchalitchi, anafunsa mokweza.

"Nanga matupi awo ali kuti?"

Ena anaseka pang'ono. Koma kumbuyo kwanga wina ananong'ona, "Kachitatuko si mwana wa ujeni?" Ndinayang'anitsitsa. Inalidi nkhope ya mwana wanga, milomo yake, mphuno yake, ndi kachipsera komwe pamwamba pa diso lakumanzere. Choyamba ndinanyada, ndipo ndikuvomera kuti ndinanyada kwambiri. Kenako ndinaona mitu ya amayi ikutembenuka umodziumodzi kuyang'ana mwana amene anali pamiyendo panga, n'kuyang'ananso kukhomako.

Wansembe anafotokoza bwino ndithu. Anati amenewa ndi akerubi, angelo amene ntchito yawo ndi kuyang'ana Mulungu ndi kumutamanda, n'chifukwa chake amisiri akale ankawapatsa nkhope ndi mapiko okha. Anati ku Roma timitu totere tili m'matchalitchi osawerengeka, ndipo amisiri ambiri ankajambula nkhope za anthu a m'nyumba zawo. Anthu anagwedeza mitu, "Inde, bambo mfumu." Misa itatha anakwera njinga yake n'kubwerera ku Balaka, ife n'kutsala ndi timituto.

Pamjigo nkhani inayamba Lolemba. Sankanena nane mwachindunji, iyayi, ankanena ndi zidebe zawo. Wina anati mutu wa mwana wopanda thupi iye anaumva m'nkhani za anthu okhwima basi. Wina anati mwana ali moyo bwanji akaikidwe kumwamba pamodzi ndi angelo, ngati si kumutsogoza. Mayi wa kwaya uja anafunsa kuti miyezi isanu ndi iwiri chitseko chili chotseka, mwana ali m'katimo, ankamuchita chiyani. Ine ndili ndi mkamwa mwanga, ndinam'yankha kuti akasamale za mwamuna wake amene amatseka zitseko za eni ku Ulongwe. Ndinapambana pamenepo, amayi anaseka, koma ndinasenza chidebe changa n'kubwerera mofulumira. Tonse tinkadziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikalozedwa chala. Tinali titamvapo za nyumba zotenthedwa ndi anthu ogendedwa m'midzi ina, ndipo amenewo anali eni mudzi, osati akamwini.

Ndinapita kwa bambo.

"Ababa, taikani matupi pa tiana tija. Ngakhale timanja chabe."

"Baroko satero," anatero.

"Baroko wanuyo adzakutetezani anthu akakubwererani?"

"Wansembe anafotokoza. Amene sanamve ndi amene safuna kumva."

"Nanga bwanji munaika mwana wanga osandifunsa?"

Anandiyang'ana modabwa ndithu. "Ndikanaika nkhope ya ndani? Ndi imene ndimaiona tsiku lililonse. Ndinkati akadzakula azidzati agogo anga anandiika pafupi ndi Mulungu."

Ndinakalipa. Ndinawauza kuti mutu wawo ndi wouma kuposa mbawa imene amasemayo, ndinamenyetsa chitseko cha kachisakasa n'kutuluka. Madzulo ake amalume anabwera, anakhala pakhonde langa, anakana madzi akumwa. "Ine sindikunena kanthu," anatero. "Koma mwanayo akangodwala, ndilibe mawu oti ndiwaletsere anthu. Udziwiretu."

Kuyambira pamenepo ndinasiya kukhala mayi, ndinasanduka wapolisi. Mwana akatsokomola ndinkayang'ana uku ndi uku kuona ngati wina wamva. Akakana phala ndinkam'kakamiza. Ndinkam'gwira pamphumi kakhumi patsiku mpaka anayamba kundithawa. M'tchalitchi sindinkamvanso ulaliki, maso ali pa kamutu kaja, ndipo pena ndinkaona ngati kakundiyang'ana monditsanzika. Ndinali nditaphunzira mpaka Fomu 2, ndinkadziwa chimene chimabweretsa matenda, komabe mantha safunsa satifiketi.

Mvula inayamba, udzudzu unabwera nayo, ndipo patatha masabata atatu mwana anadzuka thupi likutentha.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindinganamizire wina. Mayi wanzeru akanam'bereka m'mawa womwewo kupita kuchipatala. Ine ndinaganiza za njira yodutsa pamjigo, za maso a amayi aja, za amalume, za bambo. Ndinatseka chitseko, ndinam'patsa theka la piritsi loziziritsa thupi, n'kumam'pukuta ndi nsalu yonyowa. Aneba atafunsa ndinati wagona. Bambo atabwera kudzam'tenga ndinati ali ndi chimfine, asalowe. Ndinabisa tsiku lonse ndi theka la tsiku linalo, ndikudziuza kuti mawa thupi lizizira. Masana a tsiku lachiwiri mwana anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Ndinakuwa, ndipo chimene ndinkabisa mudzi wonse unachiona nthawi imodzi.

Wakabaza anatifikitsa kuchipatala chaching'ono, kumeneko anatitumiza ku chachikulu ku Balaka. Anati ndi malungo aakulu, afika kumutu. Namwino wina wachikulire anandifunsa kuti anayamba liti, nditam'uza zoona anangondiyang'ana n'kupukusa mutu. "Amayi, mumadikira chiyani?" Sindinathe kum'uza kuti ndimadikira kuti anthu asatche bambo anga mfiti. Anam'baya jakisoni, anam'ika diripi, ndipo mwana anangogona, osadziwa munthu. Tsiku loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Mayi anga aang'ono, amene anabwera kudzandithandiza kudikirira, ankapemphera kolona mpaka mawu kusasa. Ine sindinkatha ngakhale kupemphera. Ndinkangowerenga madontho a diripi.

M'mawa wa tsiku lachitatu amalume anafika, nsapato zili matope. Anandiitanira panja.

"Kumudzi sikuli bwino," anatero. "Anyamata agenda denga la bambo ako dzulo. Lero akuti mwana akangopita, nawonso apita. Ine ndayesetsa. Anthu akuti nkhope ija ichoke, ndipo aichotse yekha amene anaiika."

"Ababa akuti chiyani?"

"Akuti iyayi."

Ndinasiya mwana ndi mayi aang'ono. Ndinakwera minibasi, kenako kabaza, ndipo njira yonse ndinkauza wopalasayo kuti afulumire ngati kuti miyendo ndi yanga. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Anthu anali m'timagulu pansi pa mitengo, osachita kanthu, kungoyang'ana nyumba ya bambo. Miyala inali pakhonde. Bambo anali atakhala pampando wawo, atavala jekete la ku tchalitchi, manja ali pamawondo.

"Mwana ali bwanji?" anafunsa.

Ndinalowa m'kachisakasa, ndinatenga tchizulo ndi nyundo, n'kuwaikira pamiyendo.

"Ababa, kachotseni."

Anayang'ana zitsulozo. "Mwana wanga, tamvera. Ndikapanda kuchotsa, anthu azingonena. Ndikachotsa, ndiye kuti ndavomera."

"Akuphani!"

"Mwina. Koma adzapha mmisiri."

Pamenepo mutu unandizungulira. Ndinali ndisanagone masiku anayi, ndinali ndi mlandu wanga umene ndinkaudziwa ndekha, ndipo ndinafuna wina woti ndim'senzetse. "Mwana wanga akufa ku Balaka, inu mukunena za mtengo? Ndi mtengo umene mumaukonda kapena ndi iye? Ngati palibe chimene munachita, mukuopa chiyani kuchotsa?" Ndinanena mokweza, ndipo a pansi pa mitengo aja anamva liwu lililonse.

Bambo anaimirira, anatenga tchizulo ndi nyundo, n'kuyamba kuyenda kupita kutchalitchi. Anthu anawatsatira chapatali, ine pakati. M'katimo anakoka benchi, anakwerapo, anachita chizindikiro cha mtanda. Ndinkaganiza kuti amenya mwaukali kuti zithe msanga, koma ayi. Anagwira ntchitoyo mwaulemu monga ankagwirira ntchito zonse, pang'onopang'ono, kuyamba ndi mphuno, kenako milomo, kenako maso. M'tchalitchi munkangomveka go, go, go. Atamaliza anasalaza pamalopo ndi chikhatho, mapiko anawasiya. Amalume, amene anabwerera kumudzi pambuyo panga, anatola zipalapasazo m'chipewa chawo kuti akazitenthe. Bambo anatsika pabenchi, anaibweza pamalo pake, n'kutuluka osayang'ana munthu.

Ine sindinawatsatire. Ndinathamangira kumsewu.

Nditalowa muwodi chakumadzulo, ndinapeza mayi aang'ono akuseka ndi misozi. Mwana anali atatsegula maso, anali atapempha madzi. Ndinagwada pansi pa simenti n'kulira ngati ndafedwa. Namwino uja anadutsa n'kunena kuti mankhwala agwira, kuti ana ambiri otere amatsitsimuka patatha masiku awiri kapena atatu, tiyamike kuti tinafika asanatheretu. Ndinamva bwino lomwe. Koma mayi aang'ono anandikoka mkono.

"Ukudziwa nthawi imene wadzuka? Ndaimbira amalume ako. Akuti ndi nthawi yomweyo imene bambo ako amatsika pabenchi."

"Mwawaimbira kale?"

"Nanga nkhani yabwino n'kuibisa?"

Chimwemwe ndi mantha zinandigwira pamodzi. Ndinayang'ana mwana wanga akumwa madzi m'kapu, ndipo ndinadziwa kuti kumudzi mlandu wa bambo watha popanda wowafunsa. Mwana akanafa anthu akanawagenda, koma ena akanakayikabe. Tsopano wokayika panalibe. Nkhope yachoka, mwana wadzuka, ndipo amene anawakakamiza pamaso pa anthu ndi mwana wawo yemwe.

Sanawagende. Ndinamva kuti ena anapita kukawathokoza chifukwa chom'masula mwana, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo zinawapweteka kuposa miyala. Amalume anaitanitsa abale, mwambo wosudzula umene ndinauletsa zaka ziwiri unachitika m'mawa umodzi, ine ndili m'chipatala. Pamene tinkatulutsidwa, kachisakasa kanali pululu. Anali atanyamula zitsulo zawo, buku lawo ndi jekete, n'kukwera minibasi ya ku Liwonde.

Ndinayesa kukonza. Ndinaima pamjigo n'kuulula kuti mwana ndinam'bisa m'nyumba tsiku ndi theka, kuti wolakwa ndine, kuti chimene chinam'chiritsa ndi jakisoni. Mayi wa kwaya uja anandigwira phewa mwachifundo. "Iwenso anakutseka m'maso, mwanawe. Mayi wabwinobwino angabise mwana wodwala?" Chilichonse chimene ndinkanena chinkangowonjezera umboni. Wansembe atabwera mwezi wotsatira anaona kamutu kopanda nkhope, analalikira mokwiya mpaka thukuta, anthu anati, "Inde, bambo mfumu." Madzi akatayika saoleka. Wansembeyo nayenso patapita nthawi anasamutsidwa.

Mwamuna wanga atanditumizira foni yabwino kuchokera ku Joni, ndinapempha mphunzitsi wina kuti andifufuzire matchalitchi a baroko aja. Ndinawaona ndi maso anga, a ku Roma, a ku Goa, a ku Brazil. Timitu ta mapiko tinali mbwee, pamwamba pa zitseko, pansi pa mitambo, mozungulira maguwa, tina tikuseka, tina tolira, ndipo pansi pake anthu atavala bwino akujambulitsa. Ndinapsa mtima. Zaka mazana anayi timituto takhala tikuyenda dziko lonse popanda kuthamangitsa munthu pamudzi, mpaka tinafika kwathu.

Kwa Mposa ndinapita titakolola. Ndinachedwa chifukwa cha manyazi, ngakhale ndinkauza anthu kuti ndikudikira mwana alimbe. Ndinanyamula ufa, nkhuku ndi mwanayo. Bambo ankakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya achemwali awo, ndipo ndinawapeza pansi pa mtengo akusema mpini wa khasu. Pambali pawo panali mipini ina ndi mithiko, zoti akagulitse pamsika. Anali ataonda. Mwana atawaona anadumpha kumsana kwanga n'kuthamanga, akukuwa kuti agogo, agogo. Anam'landira ndi dzanja limodzi, anam'sisita mutu, koma maso anali kumbali. Mwana anawakoka ndevu kuti amuyang'ane, iwo anayang'ana mpini.

"Pita ukaone anapiye uko," anam'uza.

Ndinagwada, ndinapereka moni, ndinayamba mawu amene ndinawakonza njira yonse. Ndinati ndinalakwa, ndinati ndinabisa matenda, ndinati ndilankhula ndi amalume, nyumba yawo ilipo, ndaizira, abwerere. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatha.

"Kumeneko sindibwerera," anatero. "Zimenezo usavutike nazo. Anthu aja sindiwaimba mlandu, sanaonepo chinthu chotero. Ndili ndi funso limodzi basi, ndipo undiyankhe zoona."

"Funsani, ababa."

"Tsiku lija unandiikira tchizulo pamiyendo, unkaopa anthu kapena unkaopa ine?"

Yankho ndinali nalo, linali losavuta, liwu limodzi. Koma ndinakumbukira njira ya kabaza ija, mmene ndinkapempherera mumtima kuti nkhopeyo ichoke mwana asanafe, osati anthu asanagende. Ndinatsegula pakamwa, ndinameza malovu.

"Anthu," ndinatero.

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatola nsompho yawo, anatembenuza mpini uja, n'kuyang'ana pamene anasiyira.

"Wachedwa kuyankha," anatero. "Lowa ukapereke moni kwa azakhali ako."